Moyo wa Gogo Rose Lomathinda Chibambo, 1928–2016

Mau amene ananenedwa pa Msonkhano wa Pachaka wa Bungwe



Nkoyenera kuti pa tsiku lowerengera nchito za chaka, mabuku a msungichuma asanatsegulidwe, msonkhano uyambe wakumbukira iwo amene anatsogola pa njira yothandiza anzao popanda malipiro. Chaka chino mau ali pa mai mmodzi amene nkhope yake yadutsa m'manja mwa yense wakhala muno, pakuti ndiyo inaikidwa pa ndalama ya pepala ya K200 m'chaka cha 2012. Ambiri anaigwira ndalamayo pogula mchere kapena sopo osafunsa kuti mwini nkhope ndani. Ena amene anafunsa anauzidwa mwachidule kuti amenewo ndi Mai Rose Chibambo, mai wa Chimalawi woyamba kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo anakhuta nalo yankholo. Koma yankho limeneli lichepa. Gogo amenewa anakhala ndi moyo zaka 87, ndipo pa mpando wa Boma sanakhalepo ngakhale zaka ziwiri. Asanafike pa mpandowo, ndiponso atachokapo, nchito yao inali ya mtundu umene Bungwe lino liudziwa bwino, ndiyo kusonkhanitsa anthu, kumva madandaulo ao, ndi kufikira amene ena awaiwala.

Iwo anabadwa pa 8 September 1928 ku Kafukule, m'boma la Mzimba, m'dziko la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, ndipo anali a kwa Ziba. Dzina lao la ku ubwana linali Lomathinda, kumasulira kwake wolanditsidwa ku manda. Masiku amenewo maphunziro anali m'manja mwa mishoni, ndipo sukulu ya sekondale yoyamba m'dziko lino inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1940, iwo ali kale ndi zaka 12. Mwana wamkazi wolowa sukulu ankayembekezedwa kuphunzira kuwerenga, kusoka ndi kusamala nyumba, nakwatiwa. Ndi ochepa amene ankaganiza kuti mtsikana wa kumudzi angadzaime pa bwalo kunenera anthu.

M'chaka cha 1947 anakwatiwa ndi Bambo Edwin Chibambo, amene anayamba ali mphunzitsi nadzalowa nchito ya Boma. Apongozi ao anali Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, mmodzi wa amene anayambitsa Mombera Native Association m'chaka cha 1920. Mamembala adziwa kuti mabungwe otere ndiwo makolo a Bungwe lino. Loyamba linali North Nyasa Native Association la m'chaka cha 1912, ndipo aphunzitsi, abusa ndi makalaliki ankasonkhana m'menemo nalembera Boma makalata a ulemu onena za sukulu, miseu, zipatala ndi msonkho. Mabungwe amenewa ndiwo anadzagwirizana m'chaka cha 1944 napanga Nyasaland African Congress, wotsogolera wake woyamba Levi Mumba. Chotero mkwatibwi wa ku Kafukule analowa m'banja limene misonkhano inali ngati chakudya cha masiku onse. Koma m'misonkhano yonseyo mipando inali ya amuna, ndipo akazi ankafika pakhomo pokha ndi mbale za nsima.

Amuna ao atatumizidwa ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko, Mai Chibambo sanalole kuti ukwati ukhale mathero a maphunziro ao. Usana ankasamala nyumba, madzulo napita ku sukulu ya usiku. Ndipo kunali ku Zomba komweko, m'chaka cha 1952, kumene anamva za cholinga cha Azungu chophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'Chitaganya. Anthu a dziko lino anachikana Chitaganyacho chisanabadwe, pakuti ambiri anali atagwirapo nchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo anaona ndi maso ao malamulo a chitupa ndi kulandidwa kwa minda. Mafumu ndi atsogoleri a Congress anayankhula, koma Mai Chibambo anaona kuti theka la mtundu lili chete, monga ngati tsoka likadza lidzasankha amuna okha.

Tsono pano mpamene mamembala ayenera kutchera khutu, pakuti mayambidwe a nchito yao ali ndi phunziro. Iwo analibe ofesi, analibe galimoto, analibe thumba la ndalama. Anayamba ndi akazi anzao oyandikana nao nyumba, ambiri a iwo akazi a makalaliki a Boma, nawaitana kuti akhale pansi akambirane. Ndipo nkhani zimene anayamba nazo zinali zimene mkazi aliyense ankakomana nazo potuluka m'nyumba mwake. M'masitolo ena akulu munthu wakuda sankaloledwa kulowa. Ankaima panja nagulira pa kazenera, napereka ndalama yake pa nsalu imene sanaigwire nkomwe. Ku chipatala amai achikulire ankapimidwa m'chipinda chodzala ndi akazi a misinkhu yonse, pamaso pa atsikana oyenera kukhala ana ao, chinthu chimene mwambo wa kuno suchilola konse. Munthu wa ndale wofuna kutchuka akadaziyesa nkhani zimenezi zazing'ono. Mai Chibambo anadziwa kuti manyazi a mai woima pa kazenera ndi manyazi a gogo wobvulidwa pagulu achokera pa muzu umodzi ndi Chitaganya chomwe, ndiwo kusawerengedwa ngati munthu. Mkazi amene sakadabwera ku msonkhano wonena za malamulo a ku London anabwera ku msonkhano wonena za sitolo ndi chipatala, ndipo atabwera anamva ndi zinazo.

Chitaganya chinakhazikitsidwa m'chaka cha 1953, anthu akukana. Chaka chomwecho banja linasamukira ku Blantyre, kumene Mai Chibambo analowa nthambi ya Congress nasankhidwa msungichuma wake. Amene anagwirapo thumba la bungwe adziwa kulemera kwa udindo umenewu, pakuti anthu angathe kumpatsa munthu mpando chifukwa cha pakamwa pake, koma thumba amapatsa yekhayo amene amkhulupirira. Kagulu kamene kanayamba ku Zomba kanakula nikakhala Nyasaland African Women's League, ndipo pa nchito imeneyi anagwirizana ndi amai ena, monga Mai Vera Chirwa, amene pambuyo pake anadzakhala loya woyamba wamkazi m'dziko lino. Pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwerera kumudzi pa 6 July 1958, anapeza amai ali osonkhanitsidwa kale, ndipo Mai Chibambo anakhala m'komiti yaikulu ya Congress pakati pa amuna. Zonsezi anazichita ali ndi ana ang'ono m'nyumba, wina kumsana, wina kumanja.

Pa 3 March 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo m'bandakucha asilikali ndi apolisi anayamba kugwira atsogoleri a Congress. Anthu opitirira 1,300 anatsekeredwa popanda kuweruzidwa, ndipo 51 anaphedwa, monga inalembera komiti ya Justice Devlin imene inadzafufuza nkhaniyi. Dr. Banda anatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo. Mai Chibambo anali ndi pakati potopa, chotero Boma linawaleka kufikira atachira. Anabala mwana wamkazi, ndipo patangopita masiku awiri, pa 23 March 1959, anagwidwa natengedwa kunka ku ndende ya Zomba pamodzi ndi khandalo.

Amai amene ali muno adziwa chimene mwambo ufuna pa masiku amenewo. Mai wochira kumene amakhala m'chikuta. Satuluka, sagwira nchito, anakubala amamphikira phala ndi kumtenthetsera madzi kufikira mchombo wa mwana utagwa. Mai Chibambo chikuta chao chinali chipinda cha ndende, ndipo m'malo mwa anakubala anali ndi alonda. Anakhalamo koposa chaka, akuyamwitsa mwana amene anaphunzira kukhala ndi kukwawa m'kati mwa mpanda, pamene ana ena anali kunja opanda mai ao. Mlandu sanazengedwe. Anatuluka m'chaka cha 1960, chaka chimene Dr. Banda nayenso anamasulidwa, ndipo anabwerera ku nchito yosonkhanitsa amai, tsopano m'chipani cha Malawi Congress Party. Chaka chimenechi cha m'ndende mamembala achisunge m'mitima, pakuti chidzaonekanso pa ukalamba wao.

Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Pa chisankho cha 1964 Mai Chibambo anakhala phungu wa Mzimba South, ndipo anali mai woyamba kukhala wachiwiri kwa nduna. Pa 6 July 1964 dziko linalandira ufulu nilitchedwa Malawi. Koma chimwemwe sichinakhalitse. Pasanathe miyezi iwiri nduna zinasemphana maganizo ndi Dr. Banda pa nkhani zingapo, monga kuchedwa kopereka maudindo a Boma kwa eni dziko, ubwenzi ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndi lamulo lakuti wodwala aliyense azilipira tiki, ndiwo makobiri atatu, polandira mankhwala ku chipatala cha Boma. Kwa munthu wa malipiro tiki inali kanthu kochepa, koma kwa mai wa kumudzi wonyamula mwana wodwala inali khoma. Pa 7 September 1964 Dr. Banda anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Mai Chibambo, ndipo nduna zina zinatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzao. M'mawa mwake, pa 8 September, Nyumba ya Malamulo inakumana ku Zomba kukambirana nkhaniyi. Linali tsiku limene Mai Chibambo anakwanitsa zaka 36, ndipo anaimirira m'Nyumbamo kudzikanira pamaso pa anthu amene dzulo lake anali abwenzi ao. Amai amene iwo anawaphunzitsa kusonkhana anadzasanduka gulu loyimbira ndi kubvinira mtsogoleri mmodzi, ndipo dzina la woyambitsa linaleka kutchulidwa.

M'chaka cha 1965 anathawira ku Zambia, kumene anakhala pafupifupi zaka 30. Za nyengo imeneyi mau akhale ochepa, pakuti mabanja ambiri m'dziko lino aidziwa. Wothawa sankatha kubwera ku maliro a mbale wake, ndipo achibale otsala ankaopa ngakhale kulandira kalata yochokera kwa iye. Ku Zambia komweko mtima sunali m'malo, pakuti pa 24 December 1981 Orton Chirwa ndi Mai Vera Chirwa anagwidwa kufupi ndi malire natengedwa kudza ku Malawi, kumene anaweruzidwa kuti aphedwe. Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba m'chaka cha 1992, m'ndende yomwe ija Mai Chibambo anayamwitsiramo mwana, ndipo Mai Vera Chirwa anatuluka m'chaka cha 1993. Mai Chibambo anachoka kwao ali mai wa ana, nakalambira m'dziko la eni.

Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo lamulo lokhululukira othawa linatsegula njira. Mai Chibambo anabwerera m'chaka cha 1994, nakhazikika ku Mzuzu, kumene ankadzithandiza ndi malonda. Anali gogo wa zaka zoposa 65, wa zidzukulu zake. Munthu wotero akadakhala pakhonde kuwerengera anthu zimene dziko linamlakwira, palibe akadamdzudzula. Koma iwo anayang'ana dziko limene analipeza, naona kuti lagwa m'tsoka limene kunalibe pamene ankachoka.

Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za Boma m'chaka cha 2004. Zaka za pakatipo zinali za maliro otsatizana. Matendawa anatenga anthu a msinkhu wogwira khasu ndi cholembera, nasiya ana ndi nkhalamba. Kale mwana wamasiye sankasowa pogona, pakuti amalume kapena azakhali ankamtenga. Koma tsopano amalume ndi azakhali omwe anali kumanda. Katundu anagwera agogo. M'midzi yambiri mai wokalamba amene anayembekeza kudyetsedwa ndi ana ake anayambanso kulima, kutunga madzi ndi kufunafuna yunifomu ya sukulu, akulera zidzukulu pa munda umodzi. Mai Chibambo analowa m'nchito ya mipingo yothandiza ana amasiye otere, natumikira m'mabungwe monga Christian Service Committee ndi Malawi Council of Churches. Iwo anadziwa kusiyana kwa mai ndi ana, pakuti ndende inawasiyanitsa ndi ao; ndipo makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Koma nchito imene ionetsa bwino mtima wao ndi ya akaidi. Anali membala wa gulu la mipingo yosiyanasiyana lothandiza anthu a m'ndende. Kuthandiza mwana wamasiye anthu amakuyamika, pakuti mwana alibe mlandu. Kuthandiza mkaidi anthu amafunsa chifukwa, nati anadziputira yekha. Chotero mkaidi ndiye womaliza kukumbukiridwa, ngakhale ndi abale ake. Ndende ya Zomba inamangidwa m'chaka cha 1935, ndipo ndende za dziko lino zinadzalandira anthu ochuluka koposa amene zinamangidwira. M'chaka cha 2009 Bwalo Lalikulu la milandu, litamva za kuthithikana kwa akaidi, kusowa kwa mpweya m'zipinda ndi kudya kamodzi pa tsiku, linagamula kuti kuthithikana kotero ndi nkhanza zosemphana ndi malamulo akulu a dziko. Ambiri a okhala m'menemo ndi anthu osauka amene alibe wowaimira, ena akudikira mlandu wosazengedwa, ndipo pakati pao pamakhala amai ali ndi makanda. Nchito ya magulu oyendera ndende idziwika: kunyamula sopo ndi zobvala, kupemphera pamodzi ndi omangidwa, kufikitsa uthenga kwa abale, ndi kukumbutsa akulu a Boma kuti womangidwa akali munthu. Anthu ambiri otuluka m'ndende safuna kuonanso chipata chake. Mai Chibambo, amene anagona pansi pa ndende ali ndi mwana wa masiku awiri, anasankha kutembenukira komweko pa ukalamba wao. Bvuto limene likadawawitsa mtima wao analisandutsa chidziwitso chothandizira ena.

Ulemu wa dziko unadza mochedwa, koma unawapeza ali moyo. M'chaka cha 2009 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawalemekeza, ndipo mseu wina wa mu mzinda wa Mzuzu unatchedwa dzina lao. M'chaka cha 2012 nkhope yao inaikidwa pa K200, pakati pa ndalama zina zokhala ndi nkhope za Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, Inkosi ya Makhosi Gomani II, James Sangala, John Chilembwe ndi Dr. Banda yemwe. Kuseri kwa ndalamayo kunajambulidwa Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, kotero kuti mai amene anapirikitsidwa ku Nyumba ya ku Zomba anakhala pa pepala limodzi ndi Nyumba yatsopano. Anamwalira pa 12 January 2016 ku chipatala cha Mwaiwathu ku Blantyre, naikidwa ku Mzuzu pa malo ogonekapo ngwazi za dziko. Mbiri yao monga anaifotokoza ndi pakamwa pao inalembedwa ndi Timwa Lipenga m'buku lotchedwa Lomathinda: Rose Chibambo Speaks, limene linatuluka m'chaka cha 2019, ndipo mamembala odziwa Chingerezi achita bwino kuliwerenga ndi kufotokozera anzao.

Tsono, a Pampando, moyo umenewu uli ndi mau kwa msonkhano uno. M'mabungwe onse mumamveka dandaulo lakuti thumba lichepa, ndipo kuti nchito idzayamba ndalama zikadzapezeka. Mai Chibambo anayamba ndi akazi oyandikana nao nyumba ndi madandaulo awiri, la sitolo ndi la chipatala. Membala aliyense ali ndi anansi, ndipo mudzi uliwonse uli ndi kazenera kake, ndiko kuti malo amene munthu wosauka amachititsidwa manyazi anthu nazolowera kuona. Kungakhale pa mzere wa chipatala, pa bwalo logawa chuma cha masiye, kapena pa sukulu imene mwana wabwezedwa chifukwa cha chobvala. Kuona malo otero ndi kuwatchula poyera sikulira ndalama.

Mumamvekanso mau akuti zochita za bungwe nza amuna ophunzira, ndipo amai ndi okalamba angodikira kuuzidwa zimene zagwirizanidwa. Mabungwe a makolo a 1912 ndi 1920 anachita zazikulu, koma anasiya amai kunja, ndipo panapita zaka 40 kufikira mai wa ku Kafukule anatsegula khomo limenelo. Bungwe limene lisankha komiti yake osafunsa kuti agogo olera ana amasiye m'midzi yake adzanenera pati, libwereza kulakwa komweko. Agogo amenewo ndiwo adziwa nyumba imene yagona ndi njala ndi mwana amene waleka sukulu, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, pamene komiti yatsopano ikhala pansi kukonza maulendo a chaka chikudzachi, ikumbukire kuti odwala ali ndi owayendera, ofedwa ali ndi owapepesa, koma a m'ndende kawirikawiri alibe. Pakati pao pali ana a m'midzi ya boma lino, amene tsiku lina adzatuluka nadzakhalanso pakati pa anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo mai amene anatsekeredwa wopanda mlandu m'chaka cha 1959 ndi mboni yakuti si onse a m'kati mwa mpanda ali oipa kuposa a kunja.

Msonkhano upemphedwa kuimirira kamphindi mwa chete, kulemekeza Gogo Rose Lomathinda Chibambo, pamodzi ndi agogo onse a m'boma lino amene anagwira nchito yomweyo maina ao osalembedwa pa ndalama kapena pa mseu. Mzimu wao uuse mu mtendere.